Mapadi a mabuleki akutsogolo akungotha? Tsegulani kumbuyo kaye

Mwezi wathawu pa yadi pomwe ndimagwira ntchito kuno ku Turffontein mu Joni panabwera mkulu wina wa kwathu ku Mangochi ndi Hilux yake yakale ija ya dizilo, 4x4, yokwezedwa bwinobwino, matayala ngati a thirakitala. Asanazimitse n'komwe injini anali atayamba kale kudandaula, akuti amwene mapadi a masiku ano ndi achinyengo, aka n'kachitatu chaka chino ndikusintha akutsogolowa, ndasintha shopu, ndasintha mtundu, ndagula odula, koma miyezi itatu inayi basi ayambanso kulira chitsulo kwa chitsulo, komanso ndikamatsika phiri nditanyamula katundu kumamveka fungo la kupserera ndipo pedulo imalowa pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ine ndinangowafunsa kuti madala, nanga kumbuyoku munatsegulako liti? Anandiyang'ana ngati ndawapempha ngongole. Akuti kumbuyo kulibe vuto mphwanga, sikulira, sikuchita chilichonse.

Eya, sikuchita chilichonse. Vuto lake ndi lomwelo.

Tinaikweza pa jeke, kuchotsa tayala, drum, chimphika cha buleki yakumbuyo chija, kuimenya ndi hamala mpaka inalola kutuluka, nde zomwe zinagwa mmenemo ndi dothi lofiira la kumudzi louma gwa, lokwana kudzala mbale. Ma shoe, omwe ali ngati mapadi a mkati mwa drum, anali okhuthala ngati aikidwa dzulo, chonsecho eni ake akuti chigulireni galimotoyi zaka zinayi zapitazo sanawasinthepo. Iwo kumwetulira kuti mwaona, paja ndimanena kuti ali bwino. Ndinawauza kuti khasu likakhala zaka zinayi lili ngati latsopano ndiye kuti mwini wake salima. Ma shoe amenewo samakhudza drum n'komwe, galimoto yonse ndi katundu wake yense zimaima ndi mabuleki akutsogolo okha, nanga mapadi angalekerenji kutha?

Nkhani imeneyi ndaiona kambirimbiri pa ma bakkie, mapikapu aja, a anzathu onyamula katundu kupita kumudzi komanso a aja amakonda kukasewera m'matope ku Hennops Loweruka, nde ndati ndilembe kamodzi n'kamodzi, ndatopa kubwereza.

Choyamba tigwirizane kuti mapadi akutsogolo kutha msanga kuposa akumbuyo si matenda, ndi mmene galimoto inapangidwira. Mukakwera taxi pa Bree dalaivala n'kuponda buleki mwadzidzidzi pa roboti nonse mumagwera kutsogolo eti? Galimoto nayo imatero, kulemera kwake kumathamangira ku matayala akutsogolo, mphuno imazyolika, kumbuyo kumapepuka. Tayala lomwe lapanikizidwa pansi limagwira msewu kwambiri, lomwe lapepuka silichedwa kuloka n'kumangotsetsereka. N'chifukwa chake opanga magalimoto amaika mabuleki amphamvu kutsogolo, ma disc akuluakulu okhala ndi mipata ya mphepo pakati, ndipo ntchito yoimitsa galimoto pafupifupi magawo awiri mwa atatu, nthawi zina kuposa apo, imagwiridwa kutsogoloko. Kumbuyo ma bakkie ambiri omwe timayendetsa kuno, Hilux, Isuzu KB, Ranger zambiri, anaikako ma drum. Choncho kusintha mapadi kawiri kapena katatu ma shoe musanasinthe n'kamodzi komwe ndi zabwinobwino. Koma katatu chaka chimodzi ayi, pamenepo kumbuyo kwagona tulo.

Ndipo amachita dala kuti kumbuyo kusamaloke msanga. Matayala akutsogolo akaloka galimoto imangopita chutuchutu komwe imalowera, chiwongolero sichimvera koma imapitabe molunjika. Akumbuyo akayamba kuloka ndi nkhani ina, matako a galimoto amafuna kupitirira mutu, mumangozindikira mwatembenuka mukuyang'ana komwe mwachokera. Amene anakwerapo kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa fumbi dalaivala n'kuponda buleki yakumbuyo yokha akudziwa zomwe ndikunena.

Tsono bakkie ili ndi vuto lomwe galimoto yaing'ono ilibe kwenikweni. Lero ili yopanda kanthu mukuzungulira nayo mu Rosettenville, kumbuyo kopepuka ngati chitini. Disembala ikafika mwaikamo filiji, mabedi, njinga, masofa, ndowa za penti, matumba a ma China aja odzaza mpaka kusoka ndi chingwe, kulemera kufika pafupi tani yathunthu, ulendo wa ku Beitbridge. Galimoto ndi yomweyo koma mphamvu yomwe mabuleki akumbuyo akuyenera kugwira ndi yosiyana kutalitali. Nde pa magalimoto akale opanda ABS, chipangizo choletsa matayala kuloka chija, anaika kavalavu kena pansi, pa chassis chakumbuyo pafupi ndi diff, chimphika cha magiya cha pakati pa matayala akumbuyo, valavuyo dzina lake load sensing valve, ena amangoti LSPV. Gwadani musuzumire, muona mapaipi a mabuleki akulowa m'kachitsulo kena ndipo kuchokera pamenepo pali kamtengo kachitsulo kowonda kataliko kopita pa axle, chitsulo cholumikiza matayala awiri akumbuyo. Mukaika katundu bodi imatsika, kamtengo kaja kamakankha valavu, valavu imalola mphamvu yambiri kupita kumbuyo. Mukatsitsa katundu bodi imakwera, valavu imachepetsa. Nzeru zake n'zomwezo basi, ilibe kompyuta, imangoyeza mpata wa pakati pa bodi ndi axle.

Apa ndi pomwe ambirife timadzipweteka tokha. Mwaikweza galimoto ndi lift kit ya 50 mm kuti izioneka bwino komanso isamagunde pansi kumudzi, mpata uja wakula, valavu ikuganiza kuti galimoto ilibe kanthu ngakhale mutakweza ng'ombe, nde ikutumiza kumbuyo mphamvu yochepetsetsa. Ena sakweza ndi kit koma amapita kukawonjezera masipuling'i, leaf imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse kuti ikanyamula isamakhale pansi apolisi angaione kuti yalemedwa, zotsatira zake ndi zomwezo, katundu ndi wambiri koma bodi sikutsika, valavu sikudziwa kanthu. Walira mvula walira matope abale. Mkulu wa ku Mangochi uja anachita zonse ziwiri, lift ndi leaf yowonjezera, ndipo yemwe anawaikira sanakhudze valavu.

Kukonza kwake sikovuta. Pomwe kamtengo kaja kamamangidwa pa axle pamafunika kukwezedwa ndi bulaketi molingana ndi mmene galimoto yakwerera, mwakweza 50 mm bulaketi nayo 50 mm, kuti valavu ibwerere pomwe inali galimoto isanakwezedwe. Mabulaketi ake amagulitsa m'mashopu a za 4x4, kapena wowotcherera wodziwa ntchito akhoza kukupangirani ndi chitsulo chokhuthala bwino. Muonenso ngati valavuyo ikuyenda, chifukwa imakhala malo omwe matope ndi madzi zimafika tsiku ndi tsiku, imachita dzimbiri n'kuuma pamalo amodzi. Gwedezani kamtengo kaja ndi dzanja, kakuyenera kuyenda mofewa, ka rabala kophimba kasakhale kong'ambika, ndipo pasakhale ponyowa ndi brake fluid. Ikaumira pa malo a "mulibe katundu" kumbuyo kumafooka mpaka kalekale, ikaumira pa malo a "mwadzadza" ndiye kumbuyo kumaloka msanga galimoto ikakhala yopanda kanthu, makamaka mvula ya masana ya kuno ija ikangowaza pa tara.

Chomwe ndikupempheni musachite ndi chija amachita ena chomangirira kamtengo kaja m'mwamba ndi waya kuti valavu izikhala yotsegula nthawi zonse. Inde mukanyamula mabuleki amamveka bwino heavy, koma tsiku lomwe mudzatsitse katundu n'kuponda buleki pa M2 kukugwa mvula mudzazungulira ngati nguli. Ndinaionapo bakkie yotere itayang'ana kumbuyo pakati pa msewu, mwini wake atagwira chiwongolero ndi manja awiri akunjenjemera.

Magalimoto atsopanoko valavu imeneyi alibe, ntchito yogawa mphamvu imagwiridwa ndi kompyuta ya ABS, amati EBD, imawerenga liwiro la tayala lililonse kudzera m'masensa. Kumeneko vuto limakhala la mawaya a masensa oduka ndi zitsa kapena okokeka chifukwa cha lift, ndi matope omata pa sensa. Nyali ya ABS ikayaka pa dashboard osaimata ndi tepi, ndipo ikayaka limodzi ndi yofiira ya mabuleki ija imani muone, chifukwa pamenepo kugawa kuja mwina kwasiya ndipo kumbuyo kukhoza kuloka nthawi iliyonse.

Nanga mungadziwe bwanji kuti kumbuyo kwanu kwagona musanapite kwa makaniko? Yoyamba ndi yosavuta, injini ikulira, galimoto itaima pamalo osatsetsereka, pondani buleki muone pomwe pedulo ikuthera. Kenako kokani handibuleki mpaka igwire, pondaninso. Ngati pedulo tsopano yakwera, ikugwirira pamwamba kusiyana ndi poyamba, ndiye kuti ma shoe atalikirana ndi drum, ulendo wonse uja pedulo imayenda imangokankha ma shoe kuti akafike. Izi zimagwira pa magalimoto omwe handibuleki imakoka ma shoe omwewo a mabuleki, ngati Hilux ndi Isuzu. Pa Prado ndi ma Land Cruiser okhala ndi disc kumbuyo handibuleki ili ndi tima shoe take tapadera mkati mwa disc, nde mayeso awa sakuuzani kanthu. Chizindikiro china chofanana nacho ndi pedulo yomwe mukaponda kamodzi imalowa kwambiri koma mukapopa kachiwiri mwachangu imakwera n'kulimba gwa. Ikakhala yofewa ngati siponji olo mupope, pamenepo ndi mpweya m'mapaipi kapena fluid wotha ntchito. Ikakhala yolimba koma mukaigwira ikumira pang'onopang'ono yokha, yang'anani pomwe pakudontha, mukapanda kupeza ndiye master cylinder, pampu ya mabuleki yomwe pedulo imakankha, ikudutsitsa mkati.

Yachiwiri pezani msewu wa fumbi wopanda anthu, kum'mwera kwa tauni kuno chakumigodi yakale ilipo, thamangani 30 km pa ola basi osapitirira, pondani mwamphamvu, tsikani mukaone mizere. Pa galimoto yopanda ABS mukuyenera kuona kuti akutsogolo ndi omwe ayamba kukwekwereza ndipo akumbuyo nawo akanda pansi, mbali zonse ziwiri mofanana. Bola mnzanu aime pambali patali aziona matayala. Koma chonde mayeso awa chitani galimoto ili mu 2H, pomwe akukoka ndi matayala akumbuyo okha. Mukaika 4H, ya matayala onse anayi, ma propshaft, zitsulo zozungulira zopititsa mphamvu ku matayala, amamangirira kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi, mabuleki akutsogolo amagwira ndi matayala akumbuyo omwe kudzera mu transfer case, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, nde galimoto imaoneka ngati ili bwino pomwe kumbuyo kulibe kanthu. Ambiri amapusitsika ndi zimenezi, akuti koma m'thengo imaima bwinobwino, vuto ndi pa tara pokha. Eetu, m'thengo muli mu 4x4, kutsogolo kukugwirira ntchito onse.

Yachitatu ndi ya kutentha. Yendani makilomita angapo mukuponda mabuleki ngati mwa masiku onse, imani, yandikizani dzanja pa rimu lililonse, kuyandikiza osati kugwira disc, mungasiye khungu pamenepo. Kutsogolo kukuyenera kutentha kuposa kumbuyo, koma ma drum akhale ofunda ndithu. Akakhala ozizira ngati sanayende pomwe kutsogolo kukununkha, yankho mwalipeza. Tayala limodzi likatentha kuposa linzake la mbali ina ndiye likugwira osasiya. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kolozera kaja, komwe kanachuluka nthawi ya Covid, tina mwa ito timayeza zitsulo ndithu, gwiritsani ntchito.

Tibwerere mkati mwa drum muja chifukwa ndi momwe mumakhala nkhani zambiri. Disc ili pabwalo, matope akamatapo amachoka okha tayala likamazungulira, madzi amauma msanga. Drum ndi mphika, zomwe zalowa sizituluka. Mukawoloka dambo nthawi ya dzinja matope amalowa ali madzimadzi, kenako amauma, mchenga umadya ma shoe ngati sandpaper kapena dothi limamata pa adjuster, kagudumu ka mano kaja komwe kamayenera kumasendeza ma shoe pafupi ndi drum akamatha. Pa ma Toyota ambiri kagudumu kameneka kamasuntha mukamakoka handibuleki, pa magalimoto ena mukaponda buleki mukubwerera m'mbuyo. Nde inu amene simukoka handibuleki, mumangosiya mu giya n'kuika mwala, dziwani kuti adjuster yanu sikugwira ntchito olo itakhala yoyera. Ikauma ichotseni, itsukeni, ulusi wake upakeni girizi wa mabuleki pang'ono chabe, bwezerani, kenako sendezani ma shoe mpaka drum iyambe kukhudza pang'ono n'kubweza mano ochepa kuti izungulire momasuka. Fumbi la mkatimo osaliuzira ndi kompuresa n'kumalipuma, tsukani ndi brake cleaner kapena madzi.

Cholakwika chomwe ndimachiona sabata iliyonse ndi ichi, handibuleki yayamba kukwera mpaka kudenga, munthu amangomanga kebulo pansi apo kuti ifupike. Handibuleki imagwiradi koma ma shoe akadali patali pomwe anali, pedulo ikadali yaitali. Yambani ndi ma shoe, kebulo pomaliza, nthawi zambiri mukakonza ma shoe kebulo sifunanso kukhudza.

Mukatsegula n'kupeza monyowa, nunkhizani. Brake fluid ndi wopyapyala, amachoka ndi madzi, amachokera pa wheel cylinder, kapampu kokankha ma shoe, tembenuzani ka rabala ka m'mphepete mwake muona madzi akutuluka. Koma ngati ndi zakuda zamafuta zonunkha ngati mazira owola, amenewo ndi mafuta a diff, oil seal ya axle yatha. Ndipo musangosintha seal n'kupita, funsani chomwe yathera. Pamwamba pa axle pali ka breather, kabowo kopumira, kakatsekeka ndi matope diff ikatentha mpweya umasowa kotulukira nde umakankha mafuta kudzera pa seal kulowa mu drum. Mwasintha seal, miyezi iwiri yadonthanso, mukutukwana makaniko, pomwe wolakwa ndi kachitsulo kochepa ngati chala. Katsukeni, kapena ikani kapaipi kokwera m'mwamba ngati mumawoloka madzi kawirikawiri, chifukwa diff yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwanso madzi kudzera pomwepo. Nthawi zina bearing ya axle ikakhala ndi mpata nayo imadya seal, gwedezani muone. Ma shoe omwe amwa mafuta ndi otaya basi, zija zowathira petulo n'kuyatsa moto ndi zongodzinamiza, akatentha mafuta amatulukanso. Ndipo sinthani mbali zonse ziwiri, mukasintha imodzi galimoto izikokera kumbali. Drum nayo ili ndi malire, pamakhala polembedwa kukula kwake kothera, ikapitirira pamenepo olo muike ma shoe atsopano sagwira mokwanira.

Sikuti kutsogolo kulibe milandu yake ayi. Galimoto ikamakokera mbali imodzi mukaponda, kawirikawiri caliper, chitsulo chofinyira mapadi pa disc, ya mbali inayo yauma, ikukokera kumanja yang'anani kumanzere. Ma caliper ena ali ndi ma pin awiri otsetserekapo omwe amauma girizi akatha, ena ngati a Hilux 4x4 ndi Land Cruiser ali ndi ma piston anayi, iwiri mbali iliyonse, ndipo imodzi ikhoza kuuma ndi dzimbiri zinazo zikuyenda. Umboni wake uli pa mapadi akale, musawataye musanawaone, limodzi likatha linzake lili lokhuthala, kapena latha mopendekeka ngati mpeni, caliper ikufuna kutsegulidwa. Mukaika atsopano osakonza zimenezo mwangotaya ma rand anu. Chiwongolero chikamanjenjemera mukaponda pa liwiro ndi ma disc osalingana, kawirikawiri amabwera mukatsika phiri ma disc ali moto n'kulowa m'madzi, kapena kuima nthawi yaitali mutapondabe buleki ali otentha. Akhoza kupalidwa pa makina ngati sanafike pa nambala yolembedwa m'mphepete mwake, akafika gulani ena. Kulira kwa kwiii kongoyamba mwadzidzidzi mutachoka pa msewu wa miyala osaponda n'komwe buleki, musathamangire kugula kanthu, kamwala kalowa pakati pa disc ndi kachitini ka kuseri kwake, bwererani m'mbuyo pang'ono nthawi zambiri kamagwa kokha. Ndipo mukakweza galimoto onani mapaipi a rabala aja, ikwezeni pa chassis matayala alendewere, paipi isakokeke ngati chingwe cha gitala. Paipi yokalamba imathanso kufufuma mkati n'kumalola fluid kupita koma osabwerera, tayala n'kumangogwira.

Matayala akuluakulu nawo amabera mabuleki mphamvu ndipo ogulitsa sakuuzani. Tayala la 265/65 R17 ndi lotalika pafupifupi 776 mm, mukaika 285/70 R17 lafika pafupifupi 831 mm, kusiyana kwa 7 peresenti. Disc ndi yomwe ija koma tsopano msewu ukuipotokola ndi sipanala yaitaliko, kuwonjezera apo tayalalo ndi lolemera, komanso la mano a matope siligwira pa tara yonyowa ngati la wamba. Onjezani bull bar, winch, canopy, thanki yachiwiri, galimoto yalemera musanaikemo olo thumba limodzi la chimanga.

Za fluid ndinene mwachidule koma ndi zomwe zimapha anthu pa phiri. Brake fluid amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. DOT 4 watsopano sayenera kuwira asanafike 230°C, koma akamwa madzi malire ake amatsika kufika cha m'ma 155°C, DOT 3 ndi 205°C watsopano ndi 140°C wonyowa. Mapadi akutsogolo akamagwira ntchito ya anthu awiri kutentha kumadutsa pa piston kulowa mu fluid, akawira mumakhala nthunzi m'mapaipi, nthunzi imafinyika, pedulo pansi, nthochi yakupsa ija amanena mkulu uja. Ikazizira mabuleki amabwerera nde munthu amaiwala mpaka phiri lina. Sinthani zaka ziwiri zilizonse, thirani mtundu womwe walembedwa pa chitsekerero, ndipo DOT 5 osasakaniza ndi enawa, ndi wa silicone, ndi wosiyana ndi DOT 5.1. Pochotsa mpweya yambani ndi tayala lakutali ndi master cylinder kumabwera chakufupi, ndipo pa ma Toyota akale valavu ya katundu ija ili ndi nipple yakeyake yotulutsira mpweya, ambiri amaiwala nde mpweya umatsalira momwemo pedulo n'kukhalabe yofewa mpaka kugula master cylinder yatsopano pachabe. Pedulo ikalimba ngati mwala koma galimoto osaima, imeneyo ndi booster, chothandizira phazi kuponda buleki, kapena vacuum yoiyendetsa. Zimitsani injini, popani kasanu, gwirani pedulo, lizani injini, ikuyenera kutsika pang'ono. Pa ma dizilo akale a Hilux pampu ya vacuum ili kumbuyo kwa alternator, fan belt ikaduka mabuleki nawo amalimba mukangoponda kangapo, dziwiranitu zimenezo musanafike m'mapiri.

Zina si za sipanala, ndi za phazi lanu. Kutsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, kapena Thabwa kutsikira ku Chikwawa, kapena Chiweta kwa anzathu a kumpoto, mutadzadza katundu phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi, palibe mapadi padziko pano omwe angapirire. Ikani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, injini igwire galimoto, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya kuti ipume, osati kuikhudza mopepuka osachotsa phazi. Pa zitunda za miyala ndi matope ikani low range giya yoyamba, osaponda klatchi, galimoto itsike yokha ngati nkhalamba. Mphuno ikayang'ana pansi kumbuyo kumapepuka kuposa pa msewu wabwino, mukaponda mwaukali akutsogolo amaloka chiwongolero n'kusiya kumvera. Mukatuluka m'madzi yendani pang'onopang'ono phazi likukhudza buleki kwa mamita angapo kuti ma drum aume, apo ayi pa kona yoyamba mupeza kumbuyo kulibe kanthu kapena mbali imodzi yokha ndi yomwe yagwira.

Aja a ABS amadandaula kuti pa msewu wa miyala pedulo imanjenjemera galimoto osaima msanga, si kuwonongeka. Pa miyala ndi mchenga tayala lolokeka limakumba n'kuunjika kamulu kutsogolo kwake komwe kamathandiza kuima, ABS imakana kuloka nde mtunda woimira umatalikirako, koma chiwongolero chimamverabe. Ena amazula fuse, ine sindivomereza, amaiwala kubwezera akafika pa tara komanso amakhala azimitsa ndi EBD yomwe. Chepetsani liwiro, siyani mpata, ikani 4H pa fumbi basi. Ndipo pa ma Toyota mukaika diff lock yakumbuyo nyali ya ABS imayaka chifukwa imazimitsidwa dala, mukachotsa diff lock imazima yokha, osathamangira kwa auto electrician.

Trailer ndiye musandiyambitse. Lamulo la kuno limati ikapitirira 750 kg ikhale ndi mabuleki ake, koma zomwe timaziona pa N1 chakumapeto kwa chaka, trailer yodzadza kuposa bakkie yoikoka, mabuleki ake anafa kalekale kebulo ikungolendewera, yonseyo ikukankha galimoto yomwe nayo kumbuyo kwake kwagona. Kuchoka pano kukafika Mwanza kudzera Harare, Nyamapanda ndi Tete mabuleki awiri okha akutsogolo ndi omwe akuimitsa zonsezo. Mabuleki a trailer nawo ndi ma drum, amafuna kusendezedwa chimodzimodzi, ndipo chitsulo chotsetsereka cha pa coupling chija chimafuna girizi.

Ya mkulu wa ku Mangochi ija tinatsuka ma drum, kumasula ma adjuster onse awiri, mbali ya kumanzere tinapeza wheel cylinder piston imodzi itauma nde tinasintha zonse ziwiri, ma shoe tinaika ena chifukwa akale aja anali atawala ngati galasi, bulaketi ya valavu tinawotcherera, fluid anatuluka wakuda ngati Coke. Mapadi akutsogolo sitinawakhudze, anali akadali ndi nyama. Tinapita kukayesa pa fumbi chakumigodi ali pa chiwongolero okha, ataponda koyamba chipewa chinagwera pa dashboard, anatsika kukayang'ana mizere inayi pansi n'kuima kaye manja m'chiuno. Pobwerera anayamba kundifunsa ngati ndingawaonerenso trailer asananyamuke pa 15, ndinawauza kuti aibweretse Lachiwiri m'mawa yopanda katundu, ndipo asaiwale makiyi a loko ya pa coupling.